NYANJA YA CHILWA NDI FUNSO LAKUTI "NANGA ZITATERE?"

Chakumapeto kwa chaka cha 2018, munthu aliyense amene adafika pa doko la Kachulu, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa m'boma la Zomba, adapeza mabwato atagona chammbali pa matope ong'aluka. Madzi adali atathawira kutali, makoka adali atapindidwa, ndipo amayi ogulitsa matemba adangokhala manja lende. Patangopita miyezi yowerengeka, mu Malichi 2019, kudagwa chimvula chimene chidatsogolera namondwe wa Idai, ndipo madzi adabwerera m'malo mwake. Akuluakulu a m'midzi ya m'mbali mwa nyanjayi sadadabwe kwenikweni, pakuti adali ataziwonapo zotere m'chaka cha 1968 ndiponso m'chaka cha 1995. Nyanja ya Chilwa imapita, n'kudzabweranso.

Komabe msodzi amene akulingalira zokongola ndalama kuti agule khoka latsopano sangakhutire ndi mawu akuti nyanja imapita n'kubwera. Mlimi wa mpunga wa ku Likangala amene akufuna kudzala kawiri pa chaka sangakhutire nawonso. Chimodzimodzinso mkulu wa boma amene wapatsidwa ndalama zoti akulitsire minda yothirira. Onsewa ali ndi funso limodzi: nanga zitatere? Mvula itachepa zaka ziwiri zotsatana, zingakhale bwanji? Anthu a mumzinda wa Zomba atachuluka kawiri, mtsinje ungatsale ndi madzi otani?

Palibe munthu, ndipo palibe makina, amene angatchule chaka chimene nyanjayi idzaphwenso. Koma akatswiri a za madzi ali ndi njira yoyankhira mafunso a mtundu umenewu pogwiritsa ntchito kompyuta. Amamanga chifanizo cha mitsinje, madamu, minda ndi midzi m'kati mwa pulogalamu, kenaka amachifunsa mafunso limodzilimodzi. Funso lililonse lotere, pamodzi ndi manambala ake, pa Chingerezi amalitcha scenario. M'nkhani ino litchulidwa kuti chiyerekezo. Nkhaniyi ikufotokoza mmene ziyerekezo zimakonzedwera, ndiponso chifukwa chake kakonzedwe kake kamakhudza mphika wa munthu wa ku Kachulu ngakhale iye sadakhudzepo kompyuta.

Nyanja yopanda potulukira

Mwa nyanja zonse za dziko lino, Chilwa ndi yachiwiri kukula kwake, koma khalidwe lake ndi losiyana kotheratu ndi la nyanja ya Malaŵi. Nyanja ya Malaŵi ili ndi mtsinje wa Shire umene umatulutsa madzi ake. Chilwa ilibe mtsinje wotuluka ngakhale umodzi, ndipo kumpoto kwake kuli mtunda wa mchenga umene umailekanitsa ndi nyanja ya Chiuta. N'chifukwa chake madzi ake ndi amchere pang'ono, monga momwe David Livingstone adawapezera atafikako mu Epulo 1859. Ndiponso nyanjayi ndi yosazama, kotero kuti m'malo ambiri asodzi amayendetsa bwato pongokankha pansi ndi nsungwi yaitali.

Madzi amalowa m'nyanjayi m'njira ziwiri. Ena amagwa ngati mvula pamwamba pake penipeni. Ena amadza ndi mitsinje monga Domasi, Likangala ndi Thondwe kuchokera kumapiri a kumadzulo, Phalombe ndi Sombani kuchokera kummwera, ndiponso Mnembo kuchokera ku Mozambique. Koma njira yaikulu yotulukira ndi imodzi yokha: dzuwa ndi mphepo zimawasandutsa nthunzi. Pa chaka chimodzi, dzuwa limatha kumwa madzi okwana kuya kopitirira mita imodzi ndi theka pamwamba pa nyanja yonse, pamene mvula ya pa chidikha cha m'mbali mwa nyanjayi zaka zambiri siifika ngakhale mita imodzi. Mpata wotsalawo amatseka ndi mitsinje.

Choncho Chilwa ili ngati nkhokwe ya banja limene limadya tsiku ndi tsiku koma limakolola kamodzi pa chaka. Chaka chimodzi cha zokolola zochepa banjalo lingapirire, chifukwa pansi pa nkhokwe pamakhala chimanga cha chaka chatha. Zaka ziwiri kapena zitatu zotsatana ndizo zimaonetsa pansi pa nkhokwe. Ofufuza amene akhala akutsata mbiri ya nyanjayi adaona chimodzimodzi: kuphwa kwakukulu kumadza pamene chilala chabwereza. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuisunga, chifukwa ibweranso pokonza ziyerekezo.

Kalaliki wa madzi

Mapulogalamu owerengera madzi alipo angapo. Imodzi mwa yodziwika kwambiri m'maiko a mu Africa ndi yotchedwa WEAP, imene imasamalidwa ndi bungwe la Stockholm Environment Institute. Idapangidwa m'chaka cha 1988, ndipo ntchito yake yaikulu yoyamba idali pa nyanja ya Aral, ku Asia. Nyanja ya Aral nayonso ilibe potulukira, ndipo idaphwa kwambiri chifukwa mitsinje yake iwiri, Amu Darya ndi Syr Darya, idapatutsidwira ku minda ya thonje. Motero pulogalamuyi idabadwira pa vuto lofanana pang'ono ndi la Chilwa. Ina yodziwika ndi SWAT, imene idapangidwa ndi nthambi ya zaulimi ya boma la America, ndipo imalimbikira kuona mmene nthaka ndi zomera zimasinthira kayendedwe ka madzi a mvula.

Omvera asaganize kuti pulogalamu yotere ili ndi nzeru zachilendo. Ntchito yake ndi ya ukalaliki. Mwezi uliwonse imalemba madzi amene alowa, madzi amene apatsidwa kwa ofuna, madzi amene auma ndi dzuwa, ndi madzi amene atsala. Otsalawo imawapititsa ku mwezi wotsatira. Ubwino wake ndi wakuti imawerengera zaka makumi atatu m'kanthawi kochepa, osatopa, osaphonya. Kuipa kwake ndi kwakuti imakhulupirira chilichonse chimene yauzidwa, ndipo chimene sidauzidwe, kwa iyo kulibe.

Gawo loyamba: kujambula dera

Katswiri amayamba ndi kujambula. Chitsanzo chabwino ndi mtsinje wa Likangala, umene umathira m'nyanja cha kumadzulo. Pamwamba penipeni pa chithunzicho amaikapo Phiri la Zomba, kumene mvula imagwa yambiri kuposa ya kuchidikha. Kenaka amajambula mtsinje wa Mulunguzi ndi damu lake, limene lidamalizidwa cha m'ma 2000 ndipo limasunga madzi okwana makiyubiki mita pafupifupi 3.4 miliyoni. Kiyubiki mita imodzi ndi malita 1,000, kapena kuti ndowa 50 za malita 20. Kuchokera pa damupo amajambula mzere wopita ku mzinda wa Zomba, umene umalandira madzi kudzera ku bungwe la Southern Region Water Board, ndi mzere wina wosonyeza madzi ogwiritsidwa kale ntchito amene amabwerera kumtsinje.

Kutsika mmunsi amaikako midzi, madimba ndi minda ikuluikulu imene imatunga m'mbali mwa Likangala. Pafupi ndi nyanja amaikapo sikimu ya mpunga ya Likangala, imene idakhazikitsidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi chithandizo cha akatswiri a ku Taiwan, ndipo ili ndi mahekitala opitirira 400. Pomaliza penipeni pali nyanja.

Aliyense woyang'ana chithunzichi amaona chinthu chimodzi msanga: anthu a m'mbali mwa nyanja ndiwo ali kumchira. Madzi asanafike kwa iwo adutsa m'manja mwa wina aliyense. Ngati wojambula waiwala madimba a m'mbali mwa mtsinje, chifukwa chakuti eni ake alibe chiphaso chotungira madzi ndipo sadalembedwe m'buku lililonse, kompyuta idzanena kuti kumunsi kukufika madzi ambiri kuposa amene amafikadi. Kulakwitsa kwa pa chiyambi kumayenda ndi chiyerekezo chilichonse mpaka kumapeto. Pajatu akuluakulu adati mmera m'poyamba.

Nyanja yeniyeniyo imalowetsedwa ngati damu lopanda chotulutsira. Apa pamafunika ndandanda wosonyeza kukula kwa nyanja pa msinkhu uliwonse wa madzi. Pa Chilwa ndandanda ameneyu ndi wofunika koposa, chifukwa pansi pake ndi pathyathyathya ngati lichero: madzi akatsika pang'ono chabe, gombe limasuntha mtunda wautali.

Gawo lachiwiri: chaka choyambira

Chithunzi chikatha, katswiri amasankha chaka chimodzi chimene chili ndi manambala okwanira, n'kulemba mmene zinthu zidaliri m'chaka chimenecho: anthu adalipo angati, munthu mmodzi ankagwiritsa ntchito malita angati pa tsiku, mpunga udalimidwa pa mahekitala angati, mtsinje udayenda motani mwezi ndi mwezi. Mu WEAP gawo limeneli limatchedwa Current Accounts, ndipo ndilo tsinde limene ziyerekezo zonse zimaphukirapo.

Chaka cha madzi m'Malaŵi sichiyamba mu Januwale. Chimayamba mu Novembala, pamene mvula ikuyamba, n'kutha mu Okutobala, kuti dzinja limodzi lisadulidwe pakati. Ndipo mawerengero amayenera kuchitika mwezi ndi mwezi. Munthu wongowerengera chaka chathunthu angapeze kuti Likangala ali ndi madzi okwanira aliyense, chifukwa madzi osefukira a mu Febuluwale abisa kuuma kwa mu Okutobala. Koma mpunga wa m'chilimwe sumwa madzi amene adapita kale m'dzinja.

Manambala amachokera m'malo osiyanasiyana. A mvula amachokera ku malo oyezera nyengo monga a ku Makoka ndi ku Chancellor College. A mitsinje amachokera pa zoyezera zozikidwa m'mbali mwa madzi, zimene munthu amakawerenga n'kulemba m'buku. A chiwerengero cha anthu amachokera ku kalembera. Pa nyanja ya Chilwa palinso chuma china: kuyambira 1966 mpaka 1976, aphunzitsi a Yunivesite ya Malaŵi adachita kafukufuku wamkulu amene adaona nyanjayi ikuphwa mu 1968 ndi kudzadzanso pambuyo pake, ndipo zimene adapeza zidasindikizidwa mu 1979 ndi Margaret Kalk ndi anzake. Komabe mabuku a mitsinje yambiri ali ndi miyezi ndi zaka zopanda kanthu, pamene choyezera chidakokoloka kapena panalibe wokawerenga. Katswiri woona mtima amanena poyera malo amene wadzazamo mongoyerekeza.

Chifanizo chisanafunsidwe za mtsogolo chimayamba chayesedwa ndi za m'mbuyo. Amachipatsa mvula ya zaka zimene zidatsogolera 1995, n'kuona ngati nyanja ya m'kompyutayo iphwa monga idaphwera yeniyeni. Ikapanda kuphwa, ndiye kuti pena pake palakwika, ndipo amawongola mpaka zigwirizane. Sikelo imene ikulephera kuyeza thumba lodziwika kale kulemera kwake siyenera kupita nayo ku msika.

Gawo lachitatu: chiyerekezo choyezera zinzake

Chiyerekezo choyamba chimayankha funso lakuti: zinthu zitangopitirira monga zikuyendera, popanda chatsopano chilichonse, zaka makumi awiri kapena atatu zikudzazo zidzakhala zotani? Chimenechi ndicho muyezo umene ziyerekezo zina zonse zimafanizidwa nawo.

Ena amaganiza kuti m'chiyerekezo chimenechi palibe chimasintha. Si choncho ayi. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 105,000 mumzinda wa Zomba ndi oposa 740,000 m'madera a kumidzi a bomalo, ndipo adaonetsa kuti anthu m'dziko lonse ankachuluka ndi 2.9 pa 100 alionse pa chaka. Kuchuluka kotere kutapitirira, chiwerengero chimawirikiza kawiri pa zaka 24 zokha. Choncho ngakhale boma litapanda kumanga chilichonse, ludzu la chigwa cha Chilwa likukula lokha.

Manambala akuluakulu otere, monga kachulukidwe ka anthu kapena madzi ofunika pa hekitala imodzi ya mpunga, amalembedwa pa malo amodzi apadera, ndipo mbali zonse za chifanizo zimakatenga pamenepo. Ubwino wake ndi wakuti munthu wofuna kusintha nambala amasintha kamodzi kokha, ndiponso munthu wofuna kutsutsa amadziwa pokayang'ana.

Gawo lachinayi: ana a chiyerekezo

Tsono mafunso enieni amayamba. Chiyerekezo chilichonse chatsopano chimabadwa kuchokera ku chinzake, ndipo chimatengera zonse za kholo lake kupatula chinthu chimene katswiri wasintha dala. Kholo likawongoledwa, ana onse amawongoka nalo limodzi. Lamulo lalikulu ndi lakuti poyamba pazisintha chinthu chimodzi chokha. Wophika amene wawonjezera mchere, tsabola ndi chidulo nthawi imodzi sangadziwe chimene chaononga ndiwo.

Pa chigwa cha Likangala, mwana woyamba angakhale funso lakuti: nanga mpunga wa m'chilimwe utalimidwa pa malo owirikiza kawiri? Wachiwiri: nanga ngalande za pa sikimu zitawakidwa ndi simenti kuti madzi asamalowerere pansi? Wachitatu: nanga mitengo ya m'mapiri itapitirira kutha chifukwa cha makala ndi minda? Funso lachitatuli ndi lolemera, pakuti phiri lopanda mitengo limataya madzi ake onse nthawi imodzi m'dzinja, limatsitsa dothi lodzaza mitsinje, ndipo m'chilimwe limakhala lopanda chopereka. Wachinayi: nanga kutentha kutawonjezeka, dzuwa n'kumamwa madzi ambiri kuposa kale?

Mwana wachisanu ndiye wofunika kwambiri pa Chilwa: chilala chobwereza. WEAP imalola katswiri kugawa zaka m'magulu asanu, kuyambira chaka cha chilala choopsa, cha mvula yochepa, cha mvula yapakatikati, cha mvula yambiri, mpaka cha chigumula, ndipo iye amasanja yekha mmene zakazo zitsatirane. Apa ndi pamene chiyerekezo chingathe kunamiza anthu popanda nambala ngakhale imodzi yabodza. Katswiri atasanja zaka makumi atatu zonse kukhala zapakatikati, nyanja ya m'kompyuta siidzaphwa mpaka kalekale. Atamwaza zaka za chilala motalikirana, nyanja idzangotsika n'kukweranso. Koma atasanja zaka zitatu za chilala motsatana, pansi pa nkhokwe padzaoneka. Mvula yonse pamodzi ingakhale yofanana m'masanjidwe awiri omalizawa, koma zotsatira zake n'kusiyana ngati usiku ndi usana. Chiyerekezo cha Chilwa chopanda chilala chobwereza chimakamba za nyanja ina, osati imene anthu a ku Kachulu ndi ku chilumba cha Chisi amaidziwa.

Ana akayesedwa payekhapayekha, ndi pamene amaphatikizidwa: minda yowonjezedwa pa nthawi ya chilala chobwereza, kapena ngalande zowakidwa pamodzi ndi anthu ochuluka. Kawirikawiri mavuto enieni amaonekera pa kuphatikiza kumeneku.

Gawo lachisanu: ayambe kumwa ndani?

Madzi akakhala ambiri palibe mlandu. Akachepa, pulogalamu imayenera kuuzidwa woyamba kupatsidwa. Mu WEAP, wofuna madzi aliyense amapatsidwa nambala kuyambira 1 mpaka 99. Wa nambala 1 amamwa mpaka kukhuta wa nambala 2 asanalawe, ndipo amene ali ndi nambala yofanana amagawana kuperewerako mofanana. Kawirikawiri madzi akumwa a anthu ndiwo amapatsidwa nambala 1, ulimi n'kutsatira.

Manambala amenewa sachokera ku sayansi. Ndi chiweruzo cha anthu, ndipo ndi pano pamene msodzi amaiwalika. Msodzi satunga madzi, alibe mpope, alibe ngalande. Ngati mtsinje ndi nyanja sizidalembedwe ngati ofuna madzi, pulogalamu idzagawa madzi onse a m'chilimwe kumtunda, n'kulengeza kuti aliyense wakhuta, pamene kumathiriro kwa Likangala kwauma gwaa. Pofuna kupewa zimenezi, katswiri amaika pa mtsinje chizindikiro cha madzi oyenera kusiyidwa, kunena kuti mwezi uliwonse pamalo pano pazidutsa madzi osachepera mwakuti, ndipo amachipatsa nambala yake pa mzere wa omwa.

Kufunika kwa madzi osiyidwawo kumaoneka bwino munthu akawerengera. Mwachitsanzo, mahekitala 400 a mpunga atathiridwa madzi okwana mita imodzi kuya pa nyengo yonse yolima, angamwe makiyubiki mita 4 miliyoni, amene ndi ochuluka kuposa madzi onse a m'damu la Mulunguzi litadzaza. Koma madzi omwewo atathiridwa pa nyanja, imene mbali yake yopanda udzu imapitirira mahekitala 60,000 ikakhala yodzaza, angaikweze ndi mamilimita osakwana 7, amene dzuwa limamwa pa masiku awiri okha. Apa pakuoneka kuti sikimu imodzi ya mpunga siingaphwetse nyanja ya Chilwa. Mbiri ikuvomereza zimenezi, pakuti nyanjayi idaphwapo kangapo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, masikimu kulibe. Mwini mlandu wamkulu ndi mvula.

Koma nkhani siithera pamenepo. Nyanja ikaphwa, matemba, makumba ndi milamba zimene zapulumuka zimabisala m'maiwe a m'mitsinje ndi kumathiriro ake. Nsomba zimenezi ndizo mbewu imene imadzazanso nyanja madzi akabwera. Nyanja itaphwa mu 1995, mafumu ndi a nthambi ya za nsomba adagwirizana zoteteza malo amenewa pa chifukwa chomwechi. Tsono madzi amene ndi dontho chabe pa nyanja yonse ndiwo moyo wonse wa dziwe la mu Okutobala. Funso lakuti, "Kodi ulimi wothirira uphwetsa nyanja?" lingayankhidwe kuti ayi, anthu n'kuwomba m'manja. Funso lakuti, "Kodi m'chaka chachiwiri cha chilala maiwe a kumunsi kwa Likangala adzakhala ndi madzi?" lingabweretse yankho lina. Chifanizo ndi chimodzi, manambala ndi omwewo, koma chasiyana ndi funso. Ndipo nkhaniyi si ya asodzi a ku Zomba okha: pa zaka zabwino nyanja ya Chilwa yakhala ikupereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a nsomba zonse zogwidwa m'dziko lino, ndipo matemba ake amadyedwa m'maboma akutali. Kuyambira 1996 dambo lake lilinso m'kaundula wa pangano la Ramsar, loteteza madambo ofunika pa dziko lonse lapansi, makamaka chifukwa cha mbalame za m'madzi.

Kuwerenga zotsatira

Pulogalamu ikamaliza kuwerengera, imaonetsa wofuna madzi aliyense ndi kuperewera kwake mwezi ndi mwezi, ndiponso kuti pa miyezi 100 iliyonse ndi ingati imene adalandira zokwanira. Wowerenga wanzeru sayang'ana nambala imodzi payokha. Amayang'ana kusiyana kwa mwana ndi kholo lake: kuwaka ngalande kwachotsa miyezi ingati ya kuperewera? Kukulitsa minda kwawonjezera ingati, ndipo kwa yani? Kusiyana kumeneku ndi kodalirika kuposa nambala yeniyeniyo, chifukwa zolakwika za pa tsinde zili mbali zonse ziwiri.

Pali zambiri zimene pulogalamu yotere siidziwa. Siidziwa mtengo wa matemba pa msika, siidziwa mkangano wa alimi a kumtunda ndi a kumunsi pa chitseko cha ngalande usiku, ndipo siidziwa matenda a kolera amene akhala akubuka pa nyanjayi madzi akachepa, makamaka pakati pa asodzi okhala m'zimbowera. Zimenezi amadziwa ndi anthu. N'chifukwa chake ntchito zikuluzikulu za m'chigwachi, monga ya kusintha kwa nyengo imene idayamba mu 2010 motsogozedwa ndi bungwe la LEAD la ku Chancellor College mogwirizana ndi WorldFish ndi nthambi yofufuza za nkhalango, zidafunika kukhala pansi ndi anthu a m'midzi. Ndiponso lamulo la za madzi la 2013, limene lidakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority lopereka ziphaso zotungira madzi, silingagwire bwino ntchito ngati opereka ziphasowo sakudziwa amene atsale opanda kanthu kumunsi.

Mafunso a pa bwalo

Tsiku lina alendo angafike pa bwalo la mfumu, kapena pa msonkhano wa komiti ya pa gombe, kapena wa bungwe la alimi ogwiritsa ntchito madzi, atanyamula mapepala a mizere yokwera ndi yotsika, n'kunena kuti kompyuta yaonetsa kuti madzi alipo okwanira. Munthu wa m'mudzi sayenera kuchita manyazi pamaso pa mapepala amenewo. Ali ndi mafunso asanu amene katswiri aliyense woona mtima angakondwe kuwayankha. Chaka choyambira ndi chiti, ndipo chidali cha mvula yotani? Kodi chifanizocho chidayesedwa ndi kuphwa kwa 1995 kapena kwa 2018? Kodi muli chiyerekezo cha chilala cha zaka ziwiri kapena zitatu zotsatana? Kodi madimba ndi midzi ya m'mbali mwa mtsinje idalembedwa? Nanga mtsinje ndi nyanja zidapatsidwa nambala yanji pa mzere wa omwa?

Mafunso amenewa ndi othandizanso kwa omvera a ku Karonga kumene mpunga umadalira mtsinje wa Lufilya, kwa a ku Chikwawa kumene nzimbe zimamwa madzi a Shire, ndi kwa aliyense wokhala kumunsi kwa mnzake. Nkhalamba imene idaona nyanja ikuphwa katatu ikudziwa dziwe limene limauma pomaliza, ndipo chidziwitso chimenecho mulibe m'buku la ku ofesi. Katswiri naye akudziwa kuwerengera zaka makumi atatu nthawi imodzi, chimene nkhalambayo siingathe. Mutu umodzi susenza denga.

Akuluakulu adati chakudza sichiimba ng'oma, ndipo chilala chimene chidzaphwetsenso nyanja ya Chilwa sichidzaimba ng'oma. Chiyerekezo chokonzedwa bwino sichitchula tsiku lake. Chimangothandiza anthu kupangana, madzi akadalipo, kuti tsikulo likadzafika adzagawana motani, ndiponso kuti m'maiwe a kumunsi kwa Likangala mudzatsale madzi okwanira kusunga mbewu ya matemba.